Mwalemba, tayankha: ndikalowa apa n'kukatulukira uko, nanga galimoto anditengere ndani?

Mwezi uno makalata angapo agwera pa nkhani imodzi, yodayiva wekha kuchokera kugombe pamalo poti madzi amakoka, ndiye tangowaika pamodzi. Ena tawadula pang'ono chifukwa anali aatali.

Zikomo akonzi. Ine ndimadayiva, satifiketi ya Advanced ndili nayo ndipo m'buku mwanga muli madayivi 60 ndi kenakake. Mnzanga amene ndinkapita naye anasamuka ndiye ndatsala ndekha. Pali malo ena ake pomwe madzi amayenda motsata gombe, ndikufuna ndizilowa kumtunda kwake, madzi azinditenga, ndizikatulukira kumunsi. Chikundivuta ndi galimoto, makiyi, komanso kubwerera wapansi silinda ili kumsana. Ndipange bwanji? B.K.

Achimwene, ya galimotoyo ndi yophweka ndipo tiyamba nayo, koma musathawe ikatha chifukwa kumbuyo kwake kuli ina yomwe simunafunse.

Galimoto imakhala kotulukira, osati kolowera. Anthu ambiri amapanga mosemphanitsa, amaimika pomwe alowere chifukwa akufulumira kunyowa, kenako akatuluka atatopa, akunjenjemera, miyendo ili lendelende, ndi pomwe amakumbukira kuti galimoto ili kilomita yathunthu kumbuyo ndipo zida zonse pamodzi ndi mitovu yothandiza kumira zimatha kufika makilo 25. Kuyenda kovutako kupangeni musanalowe mmadzi, mukadali ndi mphamvu. Palinso chifukwa cha thupi, mukangotuluka mumakhala muli ndi nayitrojeni wambiri m'magazi, ndipo kugwira ntchito yolemetsa nthawi imeneyo, monga kukwera chitunda ndi silinda kumsana, ndi zina mwa zomwe madokotala a zodayiva amaletsa chifukwa zimawonjezera mpata wodwala matenda a dikompresheni, omwe amabwera nayitrojeniyo akapanga thovu m'thupi. Ku Dahab ku Egypt pali dayivi yotchuka yochokera pa Bells kukatulukira mu Blue Hole, magalimoto amaima pa Blue Hole penipeni, anthu amavala zida n'kuyenda wapansi mphindi zingapo kukalowera pa Bells, akamatuluka amapeza galimoto ili pompo. Mfundo yake ndi yomweyo.

Mtunda ukakhala wautali woti simungayende ndi zida, kasiyeni zida kolowera pamalo obisika kapena pamaso pa munthu amene mwamupempha, pitani ndi galimoto kotulukira, bwererani wapansi kapena panjinga mutangovala suti yokha mpaka m'chiuno, njingayo muimange ndi loko mudzaitenga pobwerera. Ena amachita mosinthanitsa, njinga kotulukira galimoto kolowera, zimatheka koma ndiye kuti zida zanu zodula zikhala zokha pamchenga nthawi yonse yomwe mukupalasa, ndipo madzi akumwa, foni, thaulo ndi bokosi la mankhwala zonse zili kutali pa nthawi yomwe mukuzifuna kwambiri. Ine zimenezo ayi.

Makiyi: ngati galimoto yanu ili ndi kiyi wachitsulo chabe wopanda batire, dulitsani wina, mumumange ndi kachingwe mkati mwa suti, basi yatha. Ngati ndi kiyi wa rimoti ameneyu madzi sagwirizana naye, ndipo timatumba tapulasitiki ta foni tija timateteza mvula ndi kusambira pamwamba, pa mamita 20 pomwe madzi akupanikiza katatu kuposa mpweya wa kumtunda musatidalire. Pali timabotolo tolimba tokhala ndi labala pachivundikiro topangidwira kupita pansi, yang'anani kuti alembapo mamita angati. Kapena kabokosi ka manambala kokoleka pagalimoto, koma chenjerani ndi magalimoto osalowetsa kiyi aja, kiyi akakhala pafupi chitseko chimatseguka kwa aliyense wogwira chogwirira, ndiye kiyiyo ayambe walowa m'kathumba kotchinga siginolo. Pamwamba pa tayala ndi pomwe wakuba aliyense amayambira kuyang'ana. Ku Bonaire, chilumba chomwe anthu amadayiva kuchokera kugombe tsiku lonse ndipo malo olowera anawaika miyala yopenta yachikasu m'mbali mwa msewu, alendo amauzidwa kuti galimoto asakiye, mawindo atsitse, musakhale kanthu kofunika mkatimo, kuti wakuba asachite kuswa galasi. Si kulikonse komwe zingagwire zimenezi koma mfundo yoti zodula zitsale kunyumba ndi yabwino paliponse.

Tsopano ina ija. M'kalata mwanu mwalemba ngati kotulukira ndi malo oti mukafika basi, ngati adilesi. Madzi okoka ali ngati basi yomwe siima pa siteji, mukachedwa kudumpha mwapitirira ndipo kubwerera kulibe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Liwiro la madzi amaliyeza m'ma knot, knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, kapena kuti pafupifupi mamita 30 pa mphindi. Munthu wovala zida zonse kuti alimbane ndi knot imodzi amatha kwa kanthawi kochepa chabe, akupuma ngati wathamangitsidwa, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yomwe madzi akukukankhira imawirikiza kanayi. Ndiye pa knot imodzi mphindi 40 zakutengani mamita 1,200, pa ma knot awiri ndi makilomita awiri ndi theka kutsala pang'ono. Malo omwewo, munthu yemweyo, silinda yomweyo, koma kotulukira kwasiyana ndi kilomita yoposa imodzi kungotengera kuti lero madzi adzuka bwanji.

Ndipo pali kanthu kena komwe anthu amaiwala, kukwera kumatenganso nthawi ndipo nthawi yonseyo madzi akukutengani. Kutulutsa chibaluni cha DSMB, chomwe mumatumiza pamwamba kuti anthu adziwe pomwe muli, ndi kuchipopa mphindi ziwiri, kukwera pang'onopang'ono osapitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi ndi mphindi zina ziwiri, kuima pa mamita 5 mphindi zitatu kuti nayitrojeni achepe m'thupi, zonse pamodzi mphindi 7, pa knot imodzi ndi mamita 200 ndi kupitirira. Mukayamba kukwera mutafika kale moyang'anana ndi galimoto yanu, mutu wanu ukatulukira mamita 200 kumunsi kwake. Choncho chizindikiro chanu cha pansi pamadzi, kaya ndi thanthwe lalikulu, kaya chingwe cha boya loyandama pamwamba, kaya pomwe korali wathera n'kuyamba mchenga, chikhale cha poyambira kukwera osati cha potulukira, ndipo mukamayandikira muzisendera kosaya kufupi ndi gombe komwe nthawi zambiri madzi amafooka, kuti kuima kwa mamita 5 kuja mukupange muli pafupi ndi pansi pomwe mungagwire mwala wopanda zamoyo kapena kuzika chala mumchenga.

Kotulukira kukhale kutatu. Koyamba komwe mukufuna, kachiwiri mukaphonya, kachitatu komwe ndi komaliza, ndipo konseko mukafikeko ndi mapazi anu musanalowe, osangoona pa Google Maps, chifukwa chithunzi cha m'mwamba sichikuuzani kuti pamenepo pali khoma la miyala yoterera, kapena mpanda wa eni malo, kapena kuti mafunde akumenya thanthwe moti munthu wa silinda kumsana sangakwere. Imani pamenepo mphindi khumi kapena kupitirira muone mafunde, amabwera m'magulu, aang'onoang'ono angapo kenako akuluakulu, ndipo akuluwo ndi omwe mukakumane nawo. Tembenukaninso muyang'ane kumtunda mudzifunse kuti malo ano ndikawazindikira bwanji maso anga ali masentimita ochepa pamwamba pa madzi, pakuti kuchokera mmadzi gombe lonse limangofanana. Nsalu yowala pamtengo imathandiza. Funso lalikulu kuposa onse ndi ili: kupitirira kotulukira kachitatu kuli chani? Ngati kuli gombe lamchenga lopitirira makilomita, chabwino, choipa kwambiri chomwe chingakuchitikireni ndi kuyenda wapansi mukutukwana. Koma ngati kuli nsonga pomwe mtunda walowa m'nyanja n'kuthera pompo, kapena kamtsinje kolowera m'nyanja, kapena mpata wa pakati pa zilumba, kapena njira ya maboti, malo amenewo si a munthu mmodzi. Pansonga madzi amathamanga kwambiri ndipo sakhota nawo mtunda, amangopitirira kulowera pakati, inuyo muli momwemo.

Ngati ndi nyanja yamchere pali nkhani ya kudzaza ndi kuphwa. Malo ambiri imadzaza kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye zoti sabata yatha ndinalowa 9 koloko zinali bwino sizikutanthauza kanthu lero. Oyendetsa maboti ali ndi kawerengedwe kosavuta kogawa madzi onse osuntha pakati pa kuphwa ndi kudzaza m'magawo 12: ola loyamba limasuntha gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lachisanu ndi chimodzi limodzi. Onani kuti theka la madzi onse limadutsa m'maola awiri apakatiwo, mukalowa kumapeto kwa ola lachiwiri, mphindi 40 zikamatha muli pakati pa ukali wake. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kukoka kumakula. Pa Blue Heron Bridge ku Florida, malo osaya oti mamita 6 ndiye kuya kwake, anthu amachita kudikira nthawi yomwe nyanja yadzaza n'kuima kaye ndi pomwe amalowa, ena onse maola amangokhala pamtunda. Komanso nthawi yomwe madzi aima siigwirizana ndendende ndi ya pa tebulo la nthawi za kudzaza ndi kuphwa paliponse, m'mipata ndi m'makhwawa imatha kusiyana ndithu, afunseni asodzi ndi madayiva a pamalopo. Musanalowe ponyani kamtengo muwerenge kuti mamita 10 kayenda masekondi angati, masekondi 20 ndiye knot imodzi imeneyo, koma kumbukirani kuti kamtengo kakukuuzani za pamwamba pokha ndipo mphepo imakanamiza.

Zonsezi ndanena, koma pa madayivi 60 ine ndikuti dikirani kaye. Maphunziro odayiva wekha alipo m'mabungwe ophunzitsa zodayiva, a SDI anayamba kupereka satifiketi ya Solo Diver mu 1999, a PADI ali ndi yawo ya Self-Reliant Diver, ndipo onsewa amafuna madayivi 100 olembedwa musanayambe n'komwe, SDI zaka 21 PADI zaka 18. Nambalayo si matsenga, koma munthu wa 100 amakhala kuti masiki inamuchokapo, mwendo unamugwirapo, regyuleta yopumira inamuvutapo mnzake ali pambali. Mayiko ena monga Maldives kudayiva wekha n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo inshuwalansi zina sizilipira ngati munadutsa malire a satifiketi yanu, werengani tizilembo tating'ono tija. Ndipo mukufuna kuphatikiza zinthu zitatu nthawi imodzi, kukhala wekha, madzi okoka, ndi kupanda boti. Ku Cozumel ku Mexico komwe kutengedwa ndi madzi ndiye dayivi ya tsiku ndi tsiku, chomwe chimapangitsa kuti zikhale zosavuta ndi boti lomwe likutsatira thovu lanu pamwamba. Inu boti lanu ndi miyendo yanu. Njira yomweyo iyambeni ndi munthu woidziwa kangapo konse, kenako kudayiva nokha muyambire pamadzi odekha, ziwirizi muzidzaziphatikiza pambuyo.

Amuna anga amadayiva okha. Akamachoka amangoti ndibwera masana. Ine sindisambira n'komwe ndipo sindifuna kuwaletsa chifukwa ndi chomwe amakonda, koma ndimakhala mtima uli m'mwamba. Kodi ndiyambe kuda nkhawa nthawi yanji, ndipo ndiimbire ndani? Mayi a ana awiri

Mayi, funso lanu ndi lomwe amuna anu amayenera kukhala atayankha kale asanagule n'komwe zipsepse. Ndibwera masana si pulani. Mawu amenewo vuto lake ndi loti 1 koloko ndi masana, 4 koloko ndi masananso, ndiye inu mudikira, mudziuza kuti mwina adutsira kwinakwake, mwina foni yatha moto, mukamadzaimbira anthu kuli kachisisira, ndipo munthu amene wakhala akuyandama maola anayi pa knot imodzi ali makilomita 7 kuchokera pomwe analowera, komanso kufufuza mutu wa munthu panyanja usiku ndi ntchito yowawa.

Musawaletse, koma muwauze kuti asanachoke azikulemberani uthenga, pa WhatsApp pomwepo, wonena malo enieni olowera ndi pini ya pamapu, kotulukira konse, galimoto aimika pati, alowa nthawi yanji, atuluka nthawi yanji, avala suti ya mtundu wanji, chibaluni chawo ndi cha mtundu wanji. Ndipo pakhale nthawi ziwiri zogwirizana. Yoyamba ndi yomwe akuyenera kukuimbirani kuti ndatuluka. Yachiwiri, tinene mphindi 30 kapena 45 pambuyo pake, ndi yomwe inu mukuimbira opulumutsa anthu osafunsanso maganizo a wina aliyense, osadikira kuti mwina. Nambala ya opulumutsa a pamadzi a dera limenelo, kaya ndi apolisi a pamadzi kaya alonda a gombe, isungidwe mufoni mwanu lero, pamodzi ndi ya malo odayivitsa anthu omwe ali pafupi, chifukwa iwowo ali ndi boti ndipo amadziwa komwe madzi a pamenepo amataya zinthu. Bungwe la DAN loona za chitetezo cha madayiva, lomwe linayamba mu 1980, lili ndi nambala ya zangozi ya usana ndi usiku yolangiza pa matenda a zodayiva, koma iwo si otumiza boti, oyamba kuimbira ndi a pafupi.

Mgwirizano umenewu uli ndi mbali yawonso bambowo: akatuluka, foni kaye, zida pambuyo. Akangoiwala kawiri katatu inu mudzazolowera kuti amachedwa, ndipo tsiku lenilenilo mudzadikira.

Chabwino koposa, ngati mungathe tsiku lina, pitani nawo. Simukusowa kudziwa kusambira. Munthu woyenda pagombe kutsatira chibaluni, foni m'manja, ndi wofunika kuposa chida chilichonse chomwe angagule, amawona nthawi yomweyo kuti munthu waphonya potulukira ndipo akulowera uku, komanso nkhani ya galimoto ndi makiyi ya achimwene a pamwambawa imathera pomwepo. Mugwirizane zizindikiro, dzanja pamutu ndiye kuti ndili bwino, kugwedeza mkono kapena chibaluni uku ndi uku ndiye kuti itanani thandizo. Inu mmadzi musalowe zivute zitani, ntchito yanu ndi maso ndi foni.

Chinanso choti mudziwe, akabwera kunyumba n'kumadandaula dzanzi, kupweteka m'mfundo monga paphewa kapena pachigongono, chizungulire, kutopa kosadziwika bwino, kapena zidzolo zamawangamawanga pakhungu, musalole zoti ndigone kaye ziona mawa. Matenda a dikompresheni amatha kuonekera patapita maola, ndipo madayiva ndi akatswiri pokana kuti akudwala. Kuchipatala, ndipo mukanene kuti anali pansi pamadzi.

Kukoka boya la mbendera dayivi yonse kumanditopetsa, chingwe chimangondikola m'zipsepse. Sindingangonyamula DSMB n'kuiponya pomaliza? Dayiva waulesi

Kkkk mwadzitchula nokha. Poyamba onani lamulo la komwe muli, ku Florida mwachitsanzo mbendera yosonyeza kuti pansi pali dayiva ndi lamulo, yofiira ya mzere woyera wopingasa ija, ndipo kwina amazindikira ya Alpha, yoyera ndi buluu. Komwe lamulo kulibe ndi nkhani yosankha, ndipo mbali zonse zili ndi zovuta zake. Boya lokoka limauza maboti ndi munthu wanu wa pagombe komwe muli kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma mphepo ikamawomba mosemphana ndi madzi limakukokerani kwina, limakola m'zomera ndi m'zingwe za asodzi, ndiponso boti likhoza kulikola. N'chifukwa chake rilo yokulungira chingwe imagwiridwa m'manja, siimangiriridwa pathupi, kuti chikalikoka mungolisiya lipite lokha osati likukwezeni ngati roketi. Chingwe chikukukolani chifukwa mukuchisiya cholendewera, chizikhala chokungika nthawi zonse, mukakwera pang'ono kulungani, mukatsika masulani, dzanja lotambasulira kumbali.

Ine maganizo anga, pomwe pali maboti kapena pomwe wina akukutsatirani pagombe, kokani boya, ndipo DSMB ikhalebe m'thumba ngati yachiwiri. Ngati mwasankha DSMB yokha, iphunzireni pamadzi osaya mpaka muzitha kuiponya osasintha kuya kwanu, chifukwa kuiphunzirira tsiku lomwe mukuifuna ndi momwe anthu amadzimangira okha. Pa mamita 10 mpweya womwe mwaikamo umawirikiza kawiri pofika pamwamba, ndiye theka ndi lokwana. Zodulira zikhale ziwiri, pamalo awiri osiyana oti dzanja lililonse lifikepo, nayiloni ya asodzi sioneka mmadzi ndipo palibe mnzanu woti akumasuleni kumsana.

Ndimadayiva ndekha koma sindipitirira mamita 20. Kasilinda kachiwiri n'kofunikadi? Nanga nditapezeka kuti madzi anditenga ndaphonya gombe, ndichite chani? T.M.

N'kofunika. Paipi yachiwiri yopumira, ya okutopasi ija, imachokera pa silinda yomweyo, labala ikaphulika kapena regyuleta ikayamba kungotulutsa mpweya osaleka, zonse ziwiri zathera limodzi. Werengani nokha: munthu wodekha amapuma malita pafupifupi 20 pa mphindi pamtunda, akachita mantha 30 kapena kuposa. Pa mamita 20 muchulukitse katatu, mphindi imodzi yoti muzindikire chomwe chachitika ndi malita 90, kukwera mphindi ziwiri malita ena 120, kuima pa mamita 5 mphindi zitatu malita 135, zonse 345. Kasilinda ka malita atatu kodzazidwa mpweya pa 200 bar kali ndi malita 600, kakukwanirani ndi kutsalako. Koma kameneko si kowonjezera nthawi yoonera nsomba, ndi kotulukira basi, ndipo muzikayesa musanalowe. Silinda yaikuluyo muigawe patatu, gawo lachitatu lonse mutuluke nalo, pakuti podayiva kuchokera kugombe ntchito siithera pamwamba, pali kusambira kukafika kumtunda ndi kudutsa m'mafunde regyuleta ili mkamwa.

Mukaphonya, choyamba ndi kuyandama. Popani jekete yoyandamitsa, ngati mukuvutikabe kukhala pamwamba tayani mitovu, mtovu ndi wotchipa ndipo madayiva ambiri omwe anamira anapezeka lamba akadali m'chiuno. Masiki isachoke kumaso, zipsepse zisachoke kumapazi. Musalimbane ndi madzi kuti mubwerere pomwe mwaphonya, mungotha mphamvu, sambirani modula madziwo molunjika kumtunda, mukagwera patali palibe kanthu bola ndi pamtunda. Ngati ndi kamkwasa ka madzi obwerera kuchokera kugombe kulowera pakati, kamakhala kopapatiza, sambirani motsata gombe mutulukemo kaye kenako mukhotere kumtunda. Nthawi zina kutsikanso pansi n'kukwawa ndi kampasi kumathandiza chifukwa pansi madzi amafooka, koma zimenezo ndi za munthu amene mpweya watsala wambiri ndipo pansi pali pafupi, osati wotopa kale.

Mukaona kuti gombe likungochepa ngakhale mukupalasa, lekani kupalasa, sungani mphamvu ndi kutentha kwa thupi, madzi amachotsa kutentha mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20 ndipo ngakhale madzi ofunda amazizira mukakhalamo maola. Imikani chibaluni chowongoka, mukoke chingwe pansi kuti chisagone. Wezulo, kagalasi kothwanimitsira dzuwa ndi tochi zizikhala m'thumba dayivi iliyonse ngakhale ya m'mawa. Mu June 2008 madayiva asanu ku Komodo ku Indonesia anatengedwa ndi madzi maola ambiri mpaka kukagwera pachilumba cha Rinca komwe anapezeka patapita masiku awiri, ndipo amenewo anali gulu, boti linalipo likuwafuna.

Pa zida zoitanira thandizo pali mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Tizida tina monga Nautilus LifeLine timatumiza malo omwe muli ku mawailesi ndi makina a AIS, oonetsa pomwe pali maboti ena, a m'maboti omwe ali pafupi, ndi tabwino pomwe pamadutsa maboti, koma pagombe lopanda boti palibe akumva. Mtundu wachiwiri ndi PLB, chida choitanira opulumutsa, imatumiza pa 406 MHz kupita ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, imamveka kulikonse, koma zambiri sizinapangidwire kupanikizika kwa pansi ndiye imafuna botolo lake lolimba, iyenera kulembetsedwa m'dzina lanu, ndipo thandizo lake limatha kutenga maola kutengera kuti dziko limenelo lili ndi maboti ndi ndege zotani. Kwa munthu wodayiva yekha pagombe lakutali ine ndingasankhe PLB. Onani deti la batire, limalembedwa pambali pake.